Giza ya sola ikamadya mayunitsi, yambirani apa

Ndimakonza mapaipi ndi magiza kuno ku Nchalo, ndipo dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Tinagula giza ya sola koma mayunitsi akuthabe ngati kale." Zimandipweteka, chifukwa dzuwa la kuno ku Chikwawa ndi Nsanje ndi lokwanira kutenthetsa madzi miyezi yambiri popanda magetsi. Elementi, kachitsulo kotenthetsera madzi kamene kali m'thanki, anaiikamo kuti izithandiza masiku a chiperoni mu Juni ndi Julayi basi.

Tsiku la dzuwa, thimitsani switchi ya giza m'mamawa, madzulo mukhudze madzi. Akakhala otentha, sola ilibe vuto. Chimachitika n'chakuti mukasamba m'mawa, m'thanki mumalowa madzi ozizira, elementi n'kuyaka yokha, n'kumaliza ntchito dzuwa lisanakwere. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7. Tsiku lililonsetu! Ikitsani taimala kuti elementi iziyaka maola awiri okha chakumadzulo, dzuwa litagwira kale ntchito yake. Thermostat, kachipangizo kamene kamathimitsa elementi madzi akatentha mokwanira, ikhale pa madigiri 60. Mukaitsitsa kwambiri, tizilombo timaswana m'madzi ofunda.

Madzi akakhala ofunda chabe, kwerani padenga m'mamawa kusanatenthe. Pukutani fumbi pa machubu agalasi amene amatenthetsa madzi ndi dzuwa, muonenso ngati mango kapena nimu wakula n'kuyamba kutchinga dzuwa, komanso ngati giza yayang'ana kumpoto. Chubu chimene chayera kumunsi chalowa mpweya, n'chofunika kusintha.

Vuto lathu lenileni kuno kuchigwa ndi madzi a m'mijigo, amene m'madera ambiri ndi amchere. Amasiya zoyera zolimba pa elementi, ndiye imachedwa kutenthetsa, kenako imang'ambika. Ndinatsegulapo thanki ina ku Ngabu, elementi itakutidwa yonse ngati chinangwa chouma. Breka ikamagwa mukangoyatsa giza, musaikakamize. Ithimitseni muitane wa zamagetsi.

Madzi akasiya kutuluka pampopi, thimitsani elementi nthawi yomweyo, chifukwa ikayaka m'thanki mopanda madzi imapsa m'mphindi zochepa. Madziwo akabwera masana, tsekani valavu ya giza kaye. Madzi ozizira akalowa m'machubu amene aima padzuwa opanda kanthu amawaswa, ndiye dzazani usiku kapena m'mbandakucha.