Mankhwala a m'dimba ndi tizilombo ta mumtsinje

Alimi anzanga a kuno ku Harare, a m'madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Mukuvisi, Marimba ndi timitsinje ta ku Epworth, Mabvuku ndi Dzivarasekwa, kukangoyamba kutentha nsabwe zimadzaza pa repu ndi covo, kambozi ka Tuta absoluta kamaboola tomato, ndipo chopopera sichitsikanso kumsana. Palibe angakuletseni kuteteza mbewu, poti masamba omwewa ndi amene amalipira lendi ndi fizi ya ana akafika pa msika wa Mbare Musika. Koma pafupi ndi mabedi anuwo pakudutsa madzi, ndipo m'madzimo muli zamoyo zimene mankhwala anu amazipha msanga kuposa mmene amaphera nsabwe.

Ambiri tikamagula mankhwala timangoyang'ana kachizindikiro ka makona atatu ka pa botolo. Muno mu Zimbabwe kamakhala kobiriwira, kachikasu, kofiira kapena kapepo, ndipo kapepoko ndiye koopsa kwambiri. Mtundu umenewu umanena za ngozi imene ingagwere munthu akameza mankhwalawo kapena akamuthira pakhungu. Za nkhanu, ana a tombolombo ndi tizilombo tina ta m'madzi, kachizindikiroka sikakambapo kanthu. Mankhwala amene munthu amawaona ngati ozizira angathe kusesa chithaphwi chonse. Ngozi ya m'madzi amaiyesa payokha, ndipo ndi bwino mlimi adziwe mmene amaiyesera kuti manambala a pa pepala asamamudutse.

Kachilombo kamene amayesera ndi Daphnia magna, kachibale ka nkhanu, kakang'ono koti nkakakulu komwe sikapitirira mamilimita 5. Mukatunga madzi a padziwe m'botolo loonekera n'kuwalozetsa kudzuwa, mungaone timadontho tosambira modumphadumpha, kukwera pang'ono, kutsika, kukweranso. Thupi lake ndi loonekera mkati, moti pa makina okuzira zinthu mtima wake umaoneka ukugunda. Kamaswana msanga, kaŵirikaŵiri popanda kamuna, choncho ana ake amafanana zedi, ndipo n'chifukwa chake akatswiri anakasankha.

Ndondomeko imene maiko ambiri amatsata ndi ya bungwe la mgwirizano wa maiko la OECD, nambala 202, imene inakhazikitsidwa mu 1984 n'kukonzedwanso mu 2004. Amatenga ana a Daphnia osapitirira maola 24 chibadwire, poti ana ndiwo sachedwa kugwidwa ndi poizoni. Mankhwala amawasungunula m'madzi pa milingo yosachepera 5, kuyambira wochepa kukafika wochuluka, ndipo mlingo uliwonse suposa unzake kupitirira ka 2.2. Pa mlingo uliwonse amaikapo tizilombo tosachepera 20, kaŵirikaŵiri m'timabotolo 4 ta tizilombo 5. Pambali pamakhala timabotolo tina ta madzi opanda mankhwala. Madzi onse amakhala ofunda pakati pa madigiri 18 ndi 22, ndipo tizilomboto satipatsa chakudya mpaka mayeso atatha.

Pakatha maola 24 woyesa amabwera kudzaŵerenga, ndipo amabweranso pa maola 48. Amagwedeza kabotolo pang'onopang'ono n'kudikira masekondi 15. Kachilombo kamene kalephera kusambira m'nthaŵi imeneyi amakaŵerengera kuti kagwa, ngakhale tinyanga take tikugwedera. Sadikira kutsimikiza kuti kafa, chifukwa mumtsinje kachilombo kosasambira kamakhala katatha kale: sikangadye, sikangathaŵe. Timabotolo ta madzi oyera tija ndi mboni. Ngati m'menemo mwagwa tizilombo toposa 10 pa 100 tiliyonse, kapena mpweya wa okosijeni watsika kuchepera mamiligalamu 3 pa lita, mayeso onse amawataya n'kuyambanso, poti pamenepo sungadziwe ngati chapha ndi mankhwala kapena kusasamala.

Zotsatira zake amazilemba ngati EC50, kutanthauza mlingo wa mankhwala umene wagwetsa theka la tizilombo m'maola 48. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndiye mumvetsetse: nambala ikachepa, ndiye kuti mankhwalawo ndi aukali. Amene EC50 yake ndi miligalamu 1 pa lita kapena kucheperapo ali m'gulu loyamba, la oopsa kwambiri ku zamoyo za m'madzi, ndipo ndi amene amanyamula chithunzi cha nsomba yakufa ndi mtengo wouma. Kuyambira pa 1 kufika 10 ndi gulu lachiŵiri, ndipo pa 10 kufika 100 ndi lachitatu. Manambalawa amapezeka pa gawo 12 la pepala lotchedwa Safety Data Sheet. Wogulitsa mankhwala wovomerezeka ayenera kutha kukuonetsani pepalali mukamufunsa. Wogulitsa pamsewu, amene amathira mankhwala m'tibotolo topanda dzina, alibe choti angakuonetseni, ndipo chimenechi chokha ndi chifukwa chokwanira chomusiyira katundu wake.

Tsopano taonani mankhwala amene timawakonda. Lambda-cyhalothrin, cypermethrin ndi deltamethrin, onse a banja la pyrethroid, amagwetsa Daphnia pa milingo ya pafupifupi mayikulogalamu 1 pa lita, ena pansi pake. Chlorpyrifos nayenso ali komweko. Mayikulogalamu 1 pa lita ndi galamu imodzi m'malita 1,000,000. Botolo la lambda lolembedwa 5 EC lili ndi magalamu 50 a poizoni pa lita, choncho mamililita 10 okha, amene ena amangoyesa ndi chivindikiro, ali ndi theka la galamu. Theka la galamu limeneli lingafikitse malita 500,000 pa mlingo wakupha uja, omwe ndi mathanki 100 a malita 5,000, aja timaona pa nyumba za m'tauni muno. Ndiye ganizirani za munthu amene wamaliza kupopera, watsikira kumtsinje, wamiza chopopera, wachikhutchumula kaŵiri n'kutaya madziwo pomwepo. Mumtsinje weniweni gawo lina la mankhwala a mtundu uwu limakakamira ku matope, inde, koma m'matopemo ndimo mumakhala mphutsi za tizilombo tina, ndiye poizoni wangosamuka malo.

Wina anganene kuti, nanga tizilombo tosaoneka n'komwe tili ndi ntchito yanji? Amene munakulira kunyanja kwathu mukudziwa kuti usipa ndi utaka sizidya udzu. Zimadya tizilombo ta m'madzi tonga timeneti, chimodzimodzi kapenta wa ku Kariba. Ana a nsomba zambiri amayambira pa chakudya chomwechi. Daphnia amadyanso ndere zing'onozing'ono zoyandama, motero amathandiza kuti madzi asachite bii kubiriwira. Ana a tombolombo amadya mphutsi za udzudzu. Ndiponso mzinda uno unakhala kumtunda kwa madzi amene umamwa: Mukuvisi ndi Marimba amakathera ku Lake Chivero, damu lomangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ndipo madzi omwewo amawakoka n'kuwayeretsa ku Morton Jaffray kuti abwerere m'mipope. Zonyansa za m'masuweji ndi za m'mafakitale ndiye mtolo waukulu wa damulo, zimenezo n'zoona, koma zotuluka m'chopopera ndi zomwe zili m'manja mwathu.

Mayeso a Daphnia ali ndi malire ake. Amangoona za masiku 2, pomwe poizoni wochepa angasiye kachilombo kali moyo koma kosabereka, ndipo zimenezo zili ndi mayeso ake ena a masiku 21. Komanso kachilombo kamodzi sikangayankhulire tonse. Imidacloprid amafunika wambiri kuti agwetse Daphnia, mamiligalamu makumi angapo pa lita, koma mphutsi za tizilombo tina touluka zokhala mumtsinje zimafa ndi kadontho chabe. Choncho mukaona nambala yaikulu pa Daphnia musathamangire kunena kuti mankhwalawo ndi abwino kumadzi.

Zoti muchite kudimba si zovuta. Madzi osungunulira mankhwala tungani ndi ndowa yoyera, muyende nawo kutali ndi mtsinje ndi chitsime, mukasakanizire kumeneko. Chopopera chisamizidwe m'chitsime kapena mumtsinje ngakhale tsiku limodzi. Botolo likatha, litsukuluzeni katatu, madzi otsukirawo muwathire m'chopopera kuti akagwire ntchito pa mbewu, kenako libooleni kuti wina asadzasungiremo mafuta ophikira kapena madzi akumwa. Madzi otsukira chopopera nawonso apopereni pa bedi lomwe mwangomaliza. Musapopere mphepo ikuwomba kuloza kumadzi, kapena mitambo itachita mdima, poti mvula yoyamba imakokolola zonse. Mukangopopera musathirire mpaka madzi kusefukira m'ngalande. Lamulo la dziko lino, limene a bungwe loona za chilengedwe la EMA amayang'anira, limaletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje popanda chilolezo. Ndikudziwa kuti malo ndi ochepa ndipo pachinyontho ndi pamene pamakoma, koma udzu ndi bango za m'mbalimo ndi zomwe zimagwira dothi lonyamula mankhwala lisanagwere m'madzi. Zisiyeni zimere.

Kalabu ya alimi kapena ana asukulu angathe kuchita kamayeso kawokawo, bola asakhudze mankhwala enieniwo. Chimene muyese ndi madzi otuluka m'dimba mwanu. Pezani dziwe labata limene silili pafupi ndi minda yopopera, musefe madzi ake ndi kansalu kopyapyala, n'kukhutchumulira zotsalira pansaluyo m'beseni loyera la madzi a dziwe lomwelo. Mudzaona timadontho tosambira. Sankhani totakataka ndi kasupuni, muike 5 m'botolo lililonse lagalasi lotsukidwa bwino lopanda fungo la sopo. Mabotolo 4 mudzaze ndi madzi a dziwe lija, 4 ena ndi madzi a m'ngalande yotsika kudimba tsiku lotsatira kupopera. Madzi a pampopi musagwiritse ntchito, klorini yake imapha tizilomboti. Ikani mabotolo onse pamthunzi pamodzi, osatseka kwambiri, osaponyamo chakudya. Maŵa lake nthaŵi yomweyo gwedezani pang'ono, ŵerengani mpaka 15, lembani tingati tikusambira. Mkuja chitaninso chimodzimodzi.

Ngati a m'madzi a dziwe akusambira koma a m'madzi a ngalande agona pansi, ndiye kuti chilipo chikutuluka m'dimbamo. Kamayeso aka sikangakuuzeni dzina la mankhwala kapena kuchuluka kwake, ndipo madzi a suweji nawo amatha kugwetsa tizilombo posowetsa mpweya. Ngati mabotolo onse agwa, musaweruze kanthu, yambaninso ndi tizilombo tatsopano. Mukabwereza n'kupeza zomwezo, tengani pepala lanu la manambala pamodzi ndi maina a mankhwala amene munapopera sabata imeneyo, mukaonetse mlangizi wa zaulimi wa boma (wa AGRITEX) wa dera lanu kuti muunikire limodzi malo osakanizira, njira ya ngalande, ndi mankhwala ena amene angalowe m'malo mwa amene mukugwiritsa ntchito.