Mwana akapanda kucheuka pomuitana dzina

Kusikelo ife azaumoyo timayeza kulemera kwa mwana, koma vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa autism silioneka pa sikelo. Mwana amatha kunenepa bwino, kukwawa ndi kuyenda pa nthawi yake, chonsecho ubongo wake ukukula mosiyana pa nkhani yocheza ndi anthu. Woyamba kuona zizindikiro ndi amene amamubereka kumbuyo tsiku ndi tsiku.

Yesani izi mwana akafika miyezi 9 mpaka 12. Sankhani nthawi imene wakhuta ndipo sakuodzera, zimitsani wailesi, imani kumbuyo kwake n'kumutchula dzina ndi mawu a masiku onse. Musamukhudze kapena kuwomba m'manja, chifukwa akacheuka simudziwa ngati watsatira dzina kapena phokoso. Bwerezani kwa masiku angapo. Ngati kawirikawiri sakucheuka, chimenecho chikhoza kukhala chizindikiro.

Kenaka lozani nkhuku imene ikudutsa pabwalo, munene kuti, "Taona!" Mwana wa chaka amatsatira chala. Pofika miyezi 18 amaloza yekha, n'kutembenuka kukuyang'anani kumaso ngati akufunsa kuti, mwaionanso? Kuyang'ana kobwerera kumeneku ife timakuwerengera kuposa mawu. Mwana wa autism kawirikawiri amangogwira dzanja lanu n'kulikokera pa chimene akufuna, maso ali kwina.

Khalaninso tcheru ngati sakukumwetulirani pa miyezi 6, sakubwebweta "bababa" pa miyezi 12, alibe liwu n'limodzi lomwe pa miyezi 16, kapena sakulumikiza mawu awiri pa zaka 2. Akasiya mawu amene ankatchula kale, pitani naye kuchipatala sabata yomweyo.

Chimachedwetsa thandizo ndi kutonthozana kuti "ndi wofatsa" kapena "anyamata amachedwa kulankhula". Ena amathera miyezi kwa asing'anga poganiza kuti mwana walodzedwa. Autism si ufiti, si kulakwa kwa mayi, ndipo katemera sayambitsa vutoli. Chibadwa cha m'banja ndicho chimatengapo mbali yaikulu, n'chifukwa chake mng'ono wa mwana wa autism ayenera kuonetsetsedwa bwino.

Chizindikiro chimodzi sichitsimikiza kanthu. Pemphani kuchipatala kuti ayambe amuyeza makutu, popeza mafinya a m'khutu ndi malungo aakulu zimatha kugonthetsa mwana, naye n'kusiya kucheuka. Jambulani kanema wamfupi pa foni, onetsani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, ndipo zimene mwaona zilembedwe m'buku la kusikelo kuti akutumizeni kwa dokotala wa ana. Podikira tsikulo, khalani pamphasa moyang'anizana naye, bwerezani kamvekedwe kalikonse kamene watulutsa, kenaka khalani chete pang'ono kuti naye ayankhe.