Kukonzanso Chowotchera Nyama cha Gasi Chimene Chachita Dzimbiri

Chowotchera nyama cha gasi chikakhala panja kwa zaka zingapo osagwiritsidwa ntchito, chimene chimaonekera msanga ndi dzimbiri, ndipo anthu ambiri amathamangira kupala ndi kupaka penti. Komatu dzimbiri la pamwamba silingavulaze munthu. Ngozi yeniyeni imabisala m'njira imene gasi amadutsa, choncho ntchito iyambire kumeneko.

Tsekani silinda ya gasi, muichotse ndi kuiika pataliko. Kenaka chotsani waya wowotcherapo, zitsulo zotchinga moto ndi mipope yotulutsa malawi kuti muone bwino pansi pa bokosi limene moto umayakamo. Gogodani malo onse adzimbiri ndi sikuludilaiva. Chitsulo chikamalira molimba ndiye kuti chingakonzeke, koma chikamabooka kapena kuyoyoka, makamaka pampope umene umagawa gasi kupita ku mabatani, mbali imeneyo ifunika kusintha ndithu, chifukwa palibe penti kapena guluu amene angatseke bowo lotulukira gasi. Payipi ya labala muipinde pang'ono. Ikaonetsa ming'alu kapena malo odyedwa ndi makoswe, gulani ina pamodzi ndi regulator yake (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi wochoka m'silinda), osayesa kuimata ndi tepi.

Mipope yotulutsa malawi ndiyo imafuna kuleza mtima kwambiri. Akangaude amakonda kumanga kukamwa kwake, pamene gasi amasakanikirana ndi mpweya, ndipo kaukonde kakang'ono kokha kakhoza kubweza gasi m'mbuyo mpaka moto kuyaka kunsi kwa mabatani, pafupi ndi manja a wowotchayo. Lowetsani kabulashi kotsukira mabotolo m'kati mwa mpope uliwonse, ndipo mugwedeze kuti zinyalala zigwe. Timabowo ta malawi titseguleni ndi kawaya kopyapyala, kamodzikamodzi, mosamala kuti tisakule, pakuti bowo lokula limatulutsa lawi losiyana ndi anzake. Popala kunja, bulashi idutse mopingasa, osati motsata utali wa mpope, kuti litsiro lochoka m'bowo lina lisakalowe m'linzake. Mpope wong'ambika ndi wofunika kuutaya.

Waya wowotcherapo amakonzedwa malinga ndi chitsulo chake. Wa cast iron (chitsulo cholemera choumbidwa m'chikombole) muvikeni kwa ola limodzi m'viniga wosakaniza ndi madzi mulingo wofanana, osapitirira kwambiri chifukwa viniga amayamba kudya chitsulo chenichenicho. Mukamuvuula, mkwecheni ndi waya wotsukira mapoto, mutsuke, ndipo muumitse nthawi yomweyo, apo ayi dzimbiri libwerera tsiku lomwelo. Waya wokutidwa ndi porcelain (chokutira chosalala chonyezimira ngati galasi) safuna bulashi yachitsulo, ndipo chokutiracho chikasweka m'malo ambiri, kugula wina n'kwanzeru kuposa kulimbana naye. Ngati mwagwiritsa ntchito bulashi ya waya, pukutani bwino ndi nsalu yonyowa, chifukwa kawaya kothothoka kakhoza kumatirira pa nyama n'kukabaya munthu pakhosi.

Kunsi kwa chivundikiro mupeza zinthu zakuda zosendeka ngati penti wakale. Amenewo ndi mafuta ndi utsi zimene zinauma, ndipo zimachoka popala ndi kutsuka ndi madzi otentha a sopo. Musaiwale kambale kolandira mafuta, pakuti moto wambiri wosayembekezereka umayambira m'menemo.

Kunja kwa bokosi palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chioneke, mupukute fumbi, ndipo mupake penti wopirira kutentha kwa madigiri pafupifupi 650 Celsius, mopyapyala, kawiri kapena katatu. Penti asafike m'kati mwa bokosi kapena pa waya wowotcherapo. Ine ndimaona kuti kukongoletsa kumeneku kukhoza kudikira tsiku lina, koma kuyesa gasi sikungadikire.

Mukabwezeretsa zonse, lumikizani silinda muli panja, mabatani onse ali otseka. Pakani madzi a sopo pa payipi, pa regulator ndi polumikizira paliponse, kenaka tsegulani silinda pang'onopang'ono. Pamene pakufufuma thovu ndiye kuti gasi akutuluka. Tsekani, mangitsani, muyesenso, ndipo thovu likapitirira sinthani mbali imeneyo. Musayese konse ndi machesi.

Poyatsa, chivundikiro chikhale chotsegula, chifukwa gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya ndipo amaunjikana pansi pa bokosi. Moto ukapanda kuyaka m'masekondi 5, tsekani ndi kudikira mphindi 5 musanayesenso. Kawirikawiri vuto limakhala batire yoyatsira kapena kansonga kake kamene kada. Lawi labwino ndi la buluu, lofanana mpope wonse, pamene lachikasu kwambiri likusonyeza kuti mpweya sukulowa bwino. Malawi akakhala bwino, zimitsani, pakani waya wa cast iron mafuta ophikira pang'ono chabe, ndipo mumutenthe kwa ola limodzi pa madigiri pafupifupi 200 Celsius chivundikiro chili chotseka. Chowotcheracho chikazizira ndi kuumiratu, chifunditseni ndi chophimba cholola mpweya kudutsa, chifukwa pulasitiki womangidwa zolimba amasunga chinyezi.