Kuika batani la madesikitopu pamwamba pa windo mu KDE Plasma

Wina wafunsa kuti angatani kuti windo imodzi, tinene ya nyimbo, izioneka pa madesikitopu onse osamangoisaka paliponse. Pa KDE Plasma, pulogalamu yoyendetsa maonekedwe a mawindo pa Linux, ndi zophweka ndithu: pali batani lomwe mukalidina windo imaoneka pa madesikitopu onse.

Choyamba onetsetsani kuti muli ndi madesikitopu (malo osiyana ogwirirapo ntchito pa sikirini imodzi) awiri kapena kuposa, lowani mu System Settings, Window Management kenako Virtual Desktops ndikuonjezerapo. Mukakhala ndi imodzi yokha batanilo silituluka olo mutavutika bwanji, ine ndinataya nthawi pamenepa kumaganiza kuti kompyuta yabalalika.

Mukatero pitani ku Window Decorations, pa Plasma 6 ili pansi pa Colors & Themes, mutsegule pokonzera mabatani a title bar, kampiringidzo ka pamwamba pa windo. Muona kampiringidzo kachitsanzo pamwamba ndipo mabatani ena ali mmunsi, ingokokani ka madesikitopu onse, kokhala ngati kapini, ndi mausi nkukaponya pa kampiringidzoko, dinani Apply basi.

Langizo langa, kaikeni kumanzere kutali ndi X wotsekera uja, chifukwa dzanja likaterereka pang'ono mutseka windo yomwe mumafuna kuisunga.

Kusamutsa windo kupita desikitopu ina sikufuna batani ayi. Mu Window Behavior muli Titlebar Actions, sankhani kuti gudumu la mausi lizisamutsa windo, ndiye mukalipukusa muli pamwamba pa windo imadumphira desikitopu yotsatira.

Mapulogalamu ena a GNOME, mtundu wina wa maonekedwe a Linux, amadzijambulira okha mutu wa windo ndiye kapini sikaoneka. Amenewo dinani Alt+F3, menyu ituluka musankhe desikitopu pompo.