Musanaonjezere malifu kumbuyo kwa Hiace yanu, yambani mwawerenga manambala

Galimoto yolemedwa kumbuyo imadziwikira patali. Mphuno imaloza kumwamba, matayala akumbuyo amabisala m'madigadi, ndipo usiku nyali zake zimathobwa m'maso madalaivala ochokera kutsogolo pomwe mwini wake msewu sakuuona. Pitani pa Lizulu kapena pa Tsangano tsiku la msika, mukaona ma Hiace ndi ma Caravan otere akunyamuka ndi matumba a kachewere ndi kabichi. Mwini galimoto akatopa ndi kukhula pansi pa hampu iliyonse, amapita kugalaja ndi pempho limodzi: "Amakaniko, mundionjezere malifu awiri kuti izinyamula zambiri."

Kuonjezera malifu, zitsulo zazitali zopyapyala zosanjikizana zomwe zimapanga sipuling'i yakumbuyo, si kolakwa. Ntchitoyi ikagwiridwa bwino, galimoto imaima mowongoka, imasiya kugunda pansi, ndipo pamsewu wafumbi imadutsa m'mabampu popanda kudandaula. Koma pempho lija lili ndi vuto pa mawu akuti "zambiri". Sipuling'i yolimba imadzutsa galimoto, koma siisintha ekiselo, mabering'i, mabuleki, matayala ngakhale chesesi. Zonsezi zimakhalabe ndi mphamvu yomwe zinachoka nayo kufakitale. Choopsa n'chakuti kale galimoto inkakuchenjezani pokhala pansi. Mukaiwongola imakhala chete, inu n'kumapakirabe.

Nambala yoyamba ili pagalimoto pomwepo. Ma Hiace onyamula katundu ochokera ku Japan amabwera ndi kasitika pachitseko chakumbuyo, kolembedwa zilembo za Chijapani ndi nambala, kawirikawiri 1000kg, ena 1250kg. Ambiri amakamatula pofuna kupenta, osadziwa kuti kamanena kulemera kwa katundu yemwe galimotoyo inapangidwira. Makilogalamu 1000 ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Thumba la kachewere lodzaza mpaka kusokerera chipewa pamwamba limaposa apo, choncho musawerenge matumba, werengani kulemera. Ngati mungapeze sikelo yoyezera galimoto, kayezetseni kamodzi mutapakira monga mumachitira masiku onse, ndipo muimike matayala akumbuyo okha pasikelo kuti mudziwe zomwe ekiselo yakumbuyo ikusenza.

Nambala yachiwiri ili m'mbali mwa tayala. Tayala loyenera galimoto zimenezi limalembedwa ngati 195R15C, kenako 106/104. Chilembo C chikutanthauza kuti ndi la galimoto za katundu, ndipo 106 ikutanthauza kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 950, likapopedwa mpweya wokwanira monga alembera patayalapo. Awiri akumbuyo ndiye 1,900, kuphatikizapo kulemera kwa galimoto yeniyeniyo. Tsono wina amagula tayala la kaunjika la galimoto yaing'ono, la 195/65R15 lolembedwa 91, poti nalonso likukwana pa rimu ya 15. Limenelo malire ake ndi makilogalamu 615. Munthu wotere kumuonjezera malifu n'kumufulumizitsira ngozi, chifukwa chomwe chidzayambe kugonja ndi tayala, lili paliwiro, dzuwa likuswa mtengo pamsewu wa ku Salima.

Manambalawa akakhala bwino, imikani galimoto pamalo athyathyathya ilibe kanthu. Yezani ndi tepi kuchokera pakati pa gudumu kufika pamlomo wa madigadi, mbali zonse ziwiri, mulembe. Pakirani, muyezenso. Kenako lowani pansi ndi tochi. Pamwamba pa ekiselo pali kamphira komwe kamaletsa chitsulo kugundana ndi chesesi. Mukakapeza kataphwanyika, kapena pomwe kamagunda pakunyezimira ngati pakwechedwa, ndiye kuti sipuling'i imafika pothera tsiku ndi tsiku. Yang'anani malifu limodzilimodzi. Lothyoka limaonetsa mzere wa dzimbiri lofiira pafupi ndi pakati kapena pafupi ndi diso lomwe mumalowa bushi. Onaninso mabushi ndi mashoko. Nthawi zambiri galimoto yomwe mwini wake akuti ikufunika malifu oonjezera imapezeka kuti ili ndi sipuling'i yotopa chabe, yomwe inayenda zaka 10 kapena 15 isanafike n'komwe kuno. Sipuling'i yotere mankhwala ake n'kuichotsa n'kuikapo yatsopano, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Kuika lifu latsopano pakati pa otopa kuli ngati kusenzetsa mwana mmodzi mtolo wa banja lonse: lidzathyoka msanga.

Pali njira ina yomwe imakondedwa chifukwa chotchipa, youmba malifu ndi hamala kuti apindikenso. Akaumbidwa osatenthetsa, galimoto imadzuka ndithu, koma pakapita miyezi imabwerera pomwe inali. Chomwe ndimakaniza kotheratu ndi moto. Lifu lotenthedwa ndi gasi kapena lowotcherera limataya kulimba komwe linapatsidwa kufakitale, ndipo limathyoka mosapereka chizindikiro. Lifu lalikulu la pamwamba, lija lili ndi maso, ndi lomwenso limagwira ekiselo kuti isasunthe. Likaduka, gudumu limabwerera m'mbuyo galimoto n'kuyamba kuyenda chammbali.

Ngati sipuling'i ili bwino koma ntchito yanu ndi yonyamula pafupi ndi malire tsiku lililonse, onjezerani lifu limodzi mbali iliyonse, lofanana m'lifupi ndi anzake, ndipo kutalika kwake kugwere pakati pa la pamwamba pake ndi la pansi pake kuti masitepe asasokonekere. Awiri kapena atatu amachititsa galimoto kudumpha ikakhala yopanda katundu, matayala akumbuyo n'kumalephera kugwira msewu wa tizigwa, ndipo kugunda konse komwe sipuling'i ikanameza kumapita pomwe yamangiriridwa kuchesesi. Ming'alu imayambira pamenepo. Mulu wa malifu ukakula pamafunika bawuti yapakati yatsopano ndi ma U-bolt (mabawuti opindika ngati chilembo U omwe amamanga sipuling'i ku ekiselo) atsopano otalikirapo. Akale musawabwezeretse ngakhale akuoneka abwino, chifukwa anatamuka pomwe ankamangidwa koyamba. Mabawuti a m'mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa pajeki, itaima ndi matayala ake; mukamanga ili m'malere, mphira umapotoka n'kung'ambika. Patatha sabata imodzi ya ntchito bwererani kugalaja akakungenso ma U-bolt.

Tsopano za kukweza msinkhu wa galimoto. Amene mumaonera mavidiyo a ku America mwaonapo eni ma Ford E-350 ndi ma Mercedes Sprinter akulowetsa chibuloko chachitsulo pakati pa ekiselo ndi sipuling'i, galimoto n'kukwera. Zimatheka chifukwa pagalimoto zimenezo sipuling'i imakhala pamwamba pa ekiselo. Pa Hiace ya mtundu wa H200, yomwe inayamba kupangidwa mu 2004, sipuling'i imadutsa pansi pa ekiselo, moti chibuloko chomwecho chimatsitsa galimoto. Ku Japan achinyamata amachigwiritsa ntchito pofuna kuti galimoto ikhale pansi. Choncho yambani mwasuzumira pansi pa yanu musanaitanitse chilichonse. Dziwaninso kuti kukweza bodi sikukweza difu, chibulunga chija chili pakati pa ekiselo yakumbuyo. Mwala womwe unkagunda difu udzaigundabe, pokhapokha mutasintha kukula kwa matayala. Ndipo galimoto yaitali kale ngati imeneyi, makamaka ya denga lalitali kapena yokhala ndi kariyala pamwamba, mukaikweza kwambiri imapendama pakona. Masentimita atatu kapena anayi omwe lifu limodzi limabweretsa ndi okwanira pamisewu yathu yambiri. Mukapitirira apo, onani ngati mashoko sakutha kutalika, ngati paipi ya mphira ya mabuleki sikukokeka gudumu likalendewera, komanso ngati propshaft, chitsulo chozungulira chochokera ku giyabokosi kupita ku difu, sinayambe kunjenjemera ponyamuka.

Chinthu chomwe chimaiwalika kwambiri ndi kavalavu ka mabuleki. Ma Hiace ambiri akale opanda ABS (makina oletsa magudumu kukakamira pomanga mabuleki) ali ndi kavalavu kumbuyo, kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo kachitsulo. Kameneka kamayeza kulemera poona mmene bodi yatsikira: ikatsika, kamatumiza mphamvu yambiri kumabuleki akumbuyo, ikakwera, kamachepetsa kuti magudumu asakakamire galimoto ili yopanda kanthu. Mukalimbitsa sipuling'i, galimoto yodzaza imaima ngati yopanda katundu, kavalavu n'kunamizika, ndipo ntchito yambiri yoimitsa imagwera mabuleki akutsogolo. Mutauni simungazindikire. Mudzazindikira potsika phiri la Chiweta kapena kutsetsereka kwa ku Chikwawa, fungo la mapadi litayamba kulowa m'kabini. Muuzeni makaniko achune kavalavuko molingana ndi msinkhu watsopano, ndipo muyese mabuleki pamalo opanda anthu, koyamba galimoto ilibe kanthu, kenako itadzaza. Kukamanga ndi waya kapena kukachotsa ayi.

Kwa amene tsiku lina amanyamula katundu, tsiku lina banja, pali matumba a mpweya oikidwa pakati pa ekiselo ndi chesesi, monga a Firestone ndi a Air Lift. Mumapopa mukapakira, n'kuphwetsa mukatsitsa, koma osafika pa ziro. Opanga amati musiyemo mpweya wosachepera 5 psi pageji yoyezera mpweya kuti thumba lisapindike n'kubooka. Ubwino wake galimoto siuma msana ikakhala yopanda kanthu. Kuipa kwake n'kwakuti ndi odula, amachita kuitanitsa kunja, ndipo timapaipi take timaopa miyala ndi kutentha kwa ekizozi. Opanga omwewo amalemba poyera kuti matumbawo saonjezera kulemera komwe galimoto inaloledwa kunyamula.

Kapakiridwe nako kamachepetsa vuto musanawononge ndalama. Matumba a katundu olemera akhale kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo, pansi penipeni, osati pachitseko chakumbuyo chomangidwa ndi chingwe. Katundu wolendewera kuseri kwa ekiselo amaipsinja koposa kulemera kwake ndipo amapepula kutsogolo, chiwongolero n'kuyamba kuyandama.

Ntchito ikatha, imikani galimoto usiku moyang'anizana ndi khoma muongole nyali, chifukwa kumbuyo kukakwera zimaloza pansi. Ngati galimoto ili ndi inshuwalansi, adziwitseni zomwe mwasintha, ndipo sungani malisiti a malifu ndi ma U-bolt pamodzi ndi mapepala omwe mumapita nawo kukapangitsa COF.