Misonkhano ya ofuna kusiya mowa: kwa ife tili kunja

Ambiri mwa ife amene mowa watikola kuno kunja timadziwa kuti misonkhano yothandizana ilipo. Chimatibweza ndi mantha awiri: kufunsidwa mapepala, ndi kukumana ndi wakwathu amene pofika mawa nkhani adzakhala ataifikitsa kumudzi pa WhatsApp.

Za mapepala musade nazo nkhawa. Ku Alcoholics Anonymous, imene ambiri amangoti AA, palibe wokufunsani pasipoti, pemiti kapena kumene mumagwira ntchito. Mumatchula dzina loyamba lokha. Chimene amafuna n'chimodzi: kuti mukhale ndi mtima wofuna kusiya kumwa. Gululi linayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zinaona kuti kuuzana mavuto kumazithandiza kugona osalawa. Linafika ku Johannesburg mu 1946, ku London mu 1947. Kulowa n'kwaulere. Amayendetsa kambale ka ndalama ya tiyi ndi lendi ya holo, koma wopanda kanthu amangokapereka kwa mnzake.

Ngati muli ku Joni, Cape Town kapena Durban, imbani 0861 435 722. Ku Britain nambala ndi 0800 917 7650, ndipo ndi yaulere. Akufotokozerani msonkhano wapafupi ndi tsiku lake. Pa intaneti palinso mndandanda wa misonkhano ya m'matauni osiyanasiyana. Mukaona mawu oti "open", ndiye kuti aliyense angalowe, ngakhale mayi a kunyumba atakuperekezani. "Closed" ndi wa okhawo amene ali ndi vuto la mowa. Misonkhano yambiri imachitikira m'maholo a matchalitchi chifukwa lendi yake ndi yotsika, koma si ya mpingo umenewo, choncho Msilamu wa ku Mangochi kapena munthu wosapemphera asachite manyazi pakhomo.

Nanga wakwathu uja? Kwerani basi mukasonkhane dera lina ngati zimenezo zikupatsani mtendere. Koma mukamupeza mkatimo, dziwani kuti nayenso sanabwere kudzamwa tiyi. Lamulo la m'chipindamo n'lakuti amene mwamuona ndi zimene mwamva zimatsala momwemo.

Musanapite n'komwe, pali nkhani ya moyo ndi imfa. Ngati mumamwa tsiku lililonse, m'mawa manja n'kumanjenjemera, thukuta lili kamukamu mpaka mutamwako pang'ono kuti muchotse matsire, musasiye mwadzidzidzi panokha. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa kamodzin'kamodzi, munthu amatha kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kufa, makamaka m'masiku atatu oyamba. A ku AA si madokotala ndipo sapereka mankhwala. Yambani mwapita ku kiliniki, kapena kwa dokotala wanu (GP) ngati muli ku Britain. Ku South Africa kulinso bungwe la SANCA lothandiza za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Wina akagwa kapena kuyamba kubwebweta, imbani 999 ku Britain, kapena 112 pa foni ya m'manja ku South Africa.

Tsiku loyamba fikani mofulumirako, muuze wokonza mipando kuti ndinu watsopano. Msonkhano umatenga ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Wina amafotokoza mbiri yake, ena n'kumawonjezera mmodzimmodzi, popanda kudulana mawu kapena kudzudzulana. Chingerezi chikakuvutani, nenani kuti lero mungomvetsera, palibe wokukakamizani. Gulu loyamba likakhala losakukomerani yesani lina, poti magulu amasiyana ngati mabanja. Amene nkhani ya kudalira Mphamvu yoposa munthu, yomwe ili m'masitepe 12 amene a AA amatsata posiya mowa, sikuwakhalira bwino, afufuze SMART Recovery. Kumeneko amaphunzitsana njira zogonjetsera chibaba, ndipo ku Britain misonkhano yake ndi yambiri. Apabanja amene avutika ndi kumwa kwa mnzawo ali ndi gulu lawolawo, Al-Anon.

Ogwira ntchito usiku m'nyumba zosamalira okalamba kapena yaulonda, misonkhano ya pa Zoom imapezeka nthawi zosiyanasiyana. Kamera mutha kuzimitsa, ndipo ngati mukugona anayi chipinda chimodzi, valani zomvetsera za m'makutu. Komabe ine ndimaona kuti kufika pamaso n'kopambana, chifukwa chimene chimatikokera ku mowa kuno ndi kusungulumwa. Pa botolo la Loweruka ndi pamene timamva Chichewa, kuseka, n'kudziwa amene akupita kumudzi woti atitengere katundu. Mukachotsa zimenezo pafunika anthu ena oti mukhale nawo.

N'chifukwa chake pakatha milungu ingapo mupemphe munthu amene wakhala nthawi yaitali osamwa kuti akhale "sponsor" wanu, wokuyendetsani m'masitepe aja. Mwa chizolowezi, bambo amasankha bambo mnzake, mayi amasankha mayi. Si wokubwerekani ndalama kapena kukupezerani ganyu, musamuone ngati banki m'khonde. Sungani nambala yake, ndipo tsiku la malipiro likafika, muimbireni musanatsike basi pafupi ndi sitolo ya mowa ija.