Momwe mungapezere laisensi yoyendetsera galimoto osadyetsa ndalama madobadoba

Poyambira ndi Traffic Register Card. Popanda khadi imeneyi simungachite chilichonse ku Road Traffic, chifukwa nambala yake ndi imene makompyuta a MalTIS, osunga mbiri ya madalaivala ndi galimoto, amakuzindikirirani. Tengani chiphaso cha unzika ndi fotokope yake, mulawirire ku ofesi ya DRTSS, yomwe ndi Road Traffic yomweyo. Ku Blantyre ili ku Ginnery Corner, ndipo maofesi ena ali ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Kumeneko akujambulani, mudinda zala, kenako akupatsani pepala lokalipirira kubanki. Fotokope muchitire kwanu, za pafupi ndi geti zimakwera mtengo.

Musanalowe n'komwe, akulandirani madobadoba. Akuuzani kuti mzere ndi wautali, netiweki yavuta, koma iwo ali ndi munthu wawo mkati. Apatseni moni, mupitirire. Nkhope ndi yanu, zala ndi zanu, maso oyezedwa ndi anu, ndiye dobadoba akukuchitirani chiyani chimene simungachite nokha? Ndalama yoyenera kulipira imalembedwa pa pepala la ku kauntala, ndipo lisiti lililonse mulisunge mu envulopu imodzi.

Khadi ikatheka, sankhani kodi ya laisensi, kutanthauza gulu la galimoto zimene mukufuna kuyendetsa. B ndi ya galimoto zing'onozing'ono zosaposa makilogalamu 3,500. C1 imafika makilogalamu 16,000, ndipo kuposa apo ndi C. A njinga zamoto, kuphatikizapo a kabaza, yawo ndi A1 ngati injini siposa 125cc, ikaposa ndi A. Wofuna B akhale atakwanitsa zaka 18. Akuyezani maso, kenako mulemba mayeso a Highway Code kuti mupeze learner's, chilolezo chophunzirira kuyendetsa. Werengani kabuku kenikeni, makamaka zikwangwani ndi za amene ayenera kudutsa poyamba pa raundabauti. Timapepala ta mayankho togulitsidwa panja tili ndi zolakwika zambiri.

Tsopano nkhani ya sukulu yophunzitsa kuyendetsa, ndipo apa nditalikitsako chifukwa ndi pamene ndinapsa. Ndinapita ku sukulu ina ya m'tauni imene mtengo wake unali wotsika kuposa ena onse. Anali ndi kaofesi, chikwangwani chokongola pakhomo, ndi kagalimoto kamodzi kokhala ndi L kutsogolo ndi kumbuyo. Anati ndilipiriretu zonse, lisiti andipatsa akabwera abwana. Timakwera ophunzira odzaza galimoto, aliyense n'kugwira chiwongolero kamphindi kochepa, nthawi yotsalayo n'kumangoonerera anzathu tili kumpando wakumbuyo. Kilatchi inali yotha, moti ponyamuka galimoto imachita kunjenjemera, ndipo alangizi amatiuza kuti vuto ndi phazi lathu. Tsiku lina amati mafuta palibe, tsiku lina galimoto ili ku galaja.

Zonsezo zinali zopiririka. Chinandipweteka chinali chakuti nthawi yolembetsa mayeso apamsewu itakwana, anangoyamba kuzengereza, lero mawa, lero mawa, mpaka zinadziwika kuti mapepala owaloleza kuphunzitsa anatha kalekale. Ndalama zinapita, learner's yanga nayo inali kuyandikira kutha. Ndinakayambiranso kwina, kulipiranso.

Ndiye musanapereke ngakhale tambala, funsani akuonetseni satifiketi ya sukuluyo yochokera ku Road Traffic, muone deti. Funsaninso chiphaso cha mlangizi amene azikuphunzitsani, osati cha mwini sukulu amene sakwera m'galimoto. Sukulu yolongosoka sikwiya ndi mafunso amenewa, ena amachita kupachika mapepalawo pakhoma. Mumvane bwinobwino kuti phunziro limodzi ndi lalitali bwanji inu muli pa chiwongolero, ndiponso ngati mtengowo ukuphatikiza galimoto yogwiritsa ntchito tsiku la mayeso, chifukwa ambiri amadzakuuzani za ndalama imeneyo kwatsala tsiku limodzi. Lipirani pang'onopang'ono, ndipo lisiti likhale la chidindo. Khalani m'galimotomo, mupondeponde kilatchi ndi buleki, mukoke handibuleki. Ngati mlangizi ayamba kukunong'onezani kuti muwonjezere kenakake ka oyesa, dziwani kuti sanakuphunzitseni mokwanira ndipo akufuna kubisa zimenezo. Ndi ziphuphu, ndipo munthu wogula laisensi ndi amene mawa adzagunde mwana wa sukulu pa zebula.

Wina akhoza kunena kuti amadziwa kale kuyendetsa, anaphunzira pa galimoto ya amalume pabwalo la mpira. Zili bwino, koma oyesa amaona zina: kuyang'ana pagalasi musananyamuke, indiketa pa nthawi yake, manja onse pa chiwongolero, kuimiratu pa STOP osati kungochepetsa liwiro. Ambiri amagwera pobwerera chakumbuyo ndi ponyamuka pamtunda. Pamtundapo musathamangire kutsitsa handibuleki, dikirani mumve kutsogolo kwa galimoto kukudzuka. Mukakhoza, mulipira za khadi ya laisensi ndipo akupatsani pepala loyendera podikira. Lisanyowe.

Laisensi imagwira ntchito zaka 5. Pokonzanso simulembanso mayeso: tengani yakaleyo ndi chiphaso cha unzika, akuyezaninso maso, mulipire. Pitani isanathe, apolisi apamsewu samva zoti munatanganidwa. Oyendetsa minibasi, basi kapena malole onyamula katundu wa malonda afunikanso PrDP, chilolezo cha oyendetsa galimoto ngati ntchito, imene ili ndi deti lakelake lothera.

Amene mwabwera ndi laisensi ya dziko lina la SADC, monga abale ochokera ku Joni, makodi ndi ofanana chifukwa ndi a SADC. Kuti muisinthe ikhale ya kuno, yambani ndi Traffic Register Card yomwe ija, ndipo mukhale ndi kalata yochokera kumene inatuluka yotsimikiza kuti ndi yeniyeni. Kalatayo itengeni musanakwere basi yobwerera, kuitsata muli kuno n'kovuta. Onetsetsaninso kuti dzina la pa laisensi likufanana chilembo ndi chilembo ndi la pa pasipoti ndi chiphaso cha unzika.